Mitsuko ya nkhope ya a Moche ku Peru: ndi luso kapena chikombole chabe?

Wakumudzi_265
Abale anga, ndili ndi funso lomwe mwina likwiyitsa ena. Pali zithunzi zikuyenda za mitsuko ya anthu akale a ku Peru otchedwa Moche, ija ili ndi nkhope za anthu ngati zenizeni. Aliyense akungoti luso, luso. Koma ndamva kuti mitsukoyi sankaiumba ndi manja ayi. Ankakanikiza dongo m'chikombole cha mbali ziwiri, kenako n'kuziphatikiza. Tsono luso lili pati pamenepa? Mnyamata woumba njerwa amatulutsa njerwa zofanana tsiku lonse ndi chikombole, palibe amamutcha katswiri. Kapena chinthu chikangoikidwa m'galasi ku myuziyamu basi tonse tiziwomba m'manja?

Kabaza_Boss
Mwadzuka ndi ndewu lero achimwene. Peru yake ija ya mpira ija?

Mphunzitsi_Wopuma
Yomweyo a Kabaza, koma kalekale. Tiyambe taika anthuwa pamalo pawo, chifukwa ambiri akamva Peru amangoganiza za a Inca ndi Machu Picchu. A Moche ndi ena. Anakhala m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Peru kuyambira cha m'ma 100 mpaka cha m'ma 800 Yesu atabadwa, pomwe ufumu wa a Inca unakula m'zaka za m'ma 1400. Dziko lawo ndi chipululu, mvula siigwa kwenikweni, ndiye ankakhala m'zigwa za mitsinje yotsika ku mapiri a Andes monga Moche, Chicama, Jequetepeque ndi Lambayeque, n'kumakumba ngalande zothirira chimanga, nyemba, maungu, mtedza ndi thonje. Analibe zilembo, sankadziwa kusula chitsulo chija cha makasu, ndipo analibe gudumu lija oumba a kwina amazungulitsirapo dongo.

Zachikombolezo mwamva zoona a Wakumudzi. Ofukula zakale anapeza malo oumbirapo m'munsi mwa kachisi wa zidina wotchedwa Huaca de la Luna pafupi ndi mzinda wa Trujillo, komanso ku Cerro Mayal m'chigwa cha Chicama, muli zikombole zambirimbiri ndi mitsuko yowonongeka pamoto. Palibe amene akubisa zimenezi. Koma kuti n'chifukwa chake palibe luso, apo ndiye ndakana.

NaBanda_Woumba
A Wakumudzi, chikombole cha njerwa ndi matabwa okhomedwa ndi misomali, aliyense angakhome. Nanga chikombole cha nkhope ya munthu chimachokera kuti? Chimagwa kumwamba? Pamafunika wina ayambe waumba mutu wonse ndi manja, mphuno, zikope, makwinya a pamphumi, mpaka munthuyo azindikirike kuti ndi uje. Mutu umenewo awuotche. Kenako aumate dongo lina pamwamba pake, alidule pakati lisanaume, achotse mbali ziwirizo osazipinda, aziumitse n'kuziwotcha. Chikombole ndi chimenecho.

Ine ndimaumba mbiya ndi manja, chikombole sindigwiritsa ntchito, koma dongo ndimalidziwa. Limafota likamauma, limafotanso pamoto. Mbali ziwiri zija zikasiyana kanyontho pang'ono pokha, pamsoko pamang'aluka. Msokowo uyenera kumatidwa kunja ndi mkati momwe, pomwe mkatimo dzanja sililowa bwino. Ndiye muone zithunzizo ngati mungaupeze msoko. Akatha apo apake dothi lamadzimadzi loyera ndi lofiira, asalaze ndi kamwala mpaka kuwala, popanda mankhwala aja owalitsa mbale za m'sitolo. Inu mungoyesa kuumba kachikho kamodzi muwotche, mudzatiuze.

Wakumudzi_265
Amayi, ndakumvani, ndipo ntchito yanu sindikuinyoza. Koma mwandithandiza ndinu. Katswiri ndi mmodzi yekha, amene anaumba mutu woyamba uja. Ena onsewo ndi aganyu odinda. Ndiye tisamati mtsuko uliwonse ndi luso.

Tadala_Leeds
Ine ndinaiona ndi maso ku British Museum ku London pa chionetsero cha zinthu za ku Peru chomwe chinatsegulidwa kumapeto kwa 2021. Chinandidabwitsa choyamba ndi kuchepa kwake. Pachithunzi umaganiza kuti ndi mutu waukulu, pomwe yambiri ndi yoti unganyamule ndi dzanja limodzi. Chachiwiri, si yonse ili ndi nkhope. Pali ina yosalala, yojambulidwa ndi timizere tofiira topyapyala pa dothi loyera: ankhondo akumenyana, anthu akuthamanga atanyamula timatumba, asodzi pa timabwato ta bango. Mizere imeneyo chikombole sichingajambule, ndi dzanja basi, pamalo obulungira, ndipo ukalakwitsa sungafufute bwino. Myuziyamu yomweyo ili ndi mbale yotambasuka kukamwa yomwe m'mphepete mwake anajambulamo amayi atakhala pansi akuwomba nsalu, chowombera chomangidwa m'chiuno mbali ina n'kumtengo mbali inayo, ndipo pambali pa aliyense pali timitengo ta ulusi. Amisiri kujambula amisiri anzawo.

Fisi_Wamasana
Ndipo zinafika bwanji ku London zinthu za ku Peru? Funso lake ndi limenelo, osati za chikombolezi.

Tadala_Leeds
Zina za pachionetserocho zinali zobwereka ku mamyuziyamu a ku Peru komweko, koma zambiri ndi za British Museum. Koma funso lanu ndi labwino, tibwererako.

Mphunzitsi_Wopuma
A Wakumudzi, mawu oti aganyu odinda ndawakana pa chifukwa ichi. Mitsuko yochokera m'chikombole chimodzi siituluka yofanana. Wina amaupatsa chisoti cha mbalame, wina nsalu yokulunga kumutu, wina amaujambula mizere kumaso, wina amauika ndolo. Womaliza ntchitoyo anali ndi zosankha zake.

Koma nkhani yomwe imandigwira mtima ndi ya Christopher Donnan wa ku yunivesite ya UCLA ku America. Bamboyu anatha zaka zambiri akujambula mitsuko ya a Moche yomwe inabalalika m'mamyuziyamu ndi m'nyumba za anthu olemera padziko lonse. Atayika zithunzizo pamodzi anaona kuti nkhope zina zikubwerezabwereza. Pali mwamuna wina wa chipsera pamlomo wapamwamba, amene amapezeka pa mitsuko yoposa 40. Pa ina ndi kamnyamata ka zaka pafupifupi 10, pa ina ndi mnyamata wosinkhuka, pa ina ndi bambo wa zaka za m'ma 30, masaya atadzaza, koma chipsera chili pomwepo. Taganizani. Anthu opanda kamera, opanda zilembo, anasunga nkhope ya munthu mmodzi kuchokera ku ubwana mpaka kukula. Msinkhu uliwonse unafuna mutu watsopano ndi chikombole chatsopano. Ndiye akatswiri oumba mitu yoyamba ija sanali mmodzi ayi, inali ntchito yopitirira.

Ndipo nkhope zina zodziwika bwino atavala zaufumu zimadzapezekanso pa mitsuko ina munthu yemweyo ali maliseche, chingwe m'khosi, manja kumbuyo. Zikuoneka kuti ena mwa akuluakuluwa mathero awo anali kugwidwa pankhondo n'kuperekedwa nsembe.

Fisi_Wamasana
Ndiye mwavomereza nokha aphunzitsi kuti linali luso la mabwana. Nkhope ya mlimi wokumba ngalande uja ili kuti? Ya mayi wowomba nsalu uja ili kuti? Chikombole chinali choti nkhope ya bwana ifike m'chigwa chonse.

Mphunzitsi_Wopuma
Apa a Fisi mwalasa. Mitsuko ya nkhope zenizeniyi pafupifupi yonse ndi ya amuna achikulire, ndipo ambiri avala zosonyeza udindo. Ndipo ndikugwirizana nanu kuti ntchito ya chikombole inali imeneyo: uthenga umodzi, nkhope imodzi, kufika kutali. Koma oumbawa sanasiye anthu wamba kunja. Pa mitsuko ina pali akhungu, olumala, odwala matenda odya milomo ndi mphuno, mayi akubereka mzamba akumuthandiza, sing'anga ataweramira wodwala. Pali chimanga, mbatata, chinangwa, maungu, abakha, akadzidzi, nkhanu. Zina mwa mbewuzi zikuoneka kuti anadinda chikombole pa chinthu chenichenicho, chifukwa chimanga chake mbewu iliyonse ili m'malo mwake.

Wakumudzi_265
Ehee! Kudinda pa chimanga chenicheni. Kumeneko ndiye kubera mayeso.

NaBanda_Woumba
Kubera kwake kotani? Inu mukufuna munthu avutike kuti mumupatse ulemu? Nzeru n'zimenezo.

Nyundo_Ndirande
Ine zadongo ndikusiyirani. Ndimagwira malata ndi kuwotcherera, ndiye chimene chimandisowetsa tulo kwa anthu amenewa ndi zitsulo zawo. A Wakumudzi, ngati mukufuna ntchito yopanda chikombole, onani ndolo za mfumu ya ku Sipán. Zambiri mwa zinthu zawo za golide sankathira m'chikombole, ankasula ndi miyala mpaka golide akhale wopyapyala ngati pepala, kenako kudula, kupinda, kutukula maluwa kuchokera kumbuyo, n'kulumikiza tizidutswa ndi timano topinda kapena kuwotcherera. Aliyense wosula amadziwa kuti chitsulo ukachimenya kwambiri chimauma n'kuyamba kung'aluka, ndiye umachibwezera pamoto kuti chifewe. Iwowa ankadziwa zimenezo, ndipo moto wawo ankaukoleza pouzira ndi pakamwa kudzera m'mabango okhala ndi nsonga zadongo. Pali mpaka mbale yadongo yosonyeza amuna atazungulira ng'anjo akuuzira.

Pa ndolo imodzi pali kamunthu kankhondo kosaposa chala chachikulu. Kali ndi chibonga chake choti chimachoka m'dzanja, chipini chapamphuno chogwedera, ndi mkanda wa timitu ta kadzidzi m'khosi. Mozungulira anayala timiyala tobiriwira todulidwa kuti tigwirane popanda mpata. Opanda magalasi okuzira, opanda magetsi.

Ndiye pali chinyengo chawo chokoma. Ankasakaniza mkuwa wambiri ndi golide pang'ono ndi siliva. Akamasula n'kumawotcha, mkuwa wa pamwamba umada, iwo n'kumautsuka ndi madzi owawasa. Kubwereza kangapo, pamwamba pamatsala golide ndi siliva pomwe mkati ndi mkuwa. Njira ina inafufuzidwa ndi mayi Heather Lechtman wa ku yunivesite ya MIT ku America pa zinthu zofukulidwa ku Loma Negra: ankasungunula golide m'madzi osakaniza ndi michere ya m'chipululu, n'kuviikamo mkuwa wotsukidwa bwino, golide n'kumamatira yekha pamwamba, wopyapyala kuposa tsitsi kutalitali. Kenako ankautenthetsa kuti agwire. Masiku ano ntchito yofanana nayo timaichita ndi magetsi.

Kabaza_Boss
Ndiye golide wa feki anayamba kalekale eti? Ndinagulapo tcheni kwa mnyamata wina pa depoti, sabata isanathe khosi lonse linabiriwira. Mwina anali mdzukulu wa a Moche.

Nyundo_Ndirande
Kkkk ayi achimwene, uja anakuberani basi. Awa sankagulitsa, analibe ndalama zachitsulo. Iwo chimene ankafuna ndi mtundu wa chinthu, kuti chiwale ngati dzuwa kapena ngati mwezi.

Mayi_wa_Atatu
Mfumu ya ku Sipán mwaitchulayi ndi ija ya mkanda wa mtedza? Ndinaona chithunzi ndinaseka. Mfumu yonse kuvala mtedza!

Mphunzitsi_Wopuma
Yomweyo mayi. Mtedza 20 waukuluukulu, 10 wagolide kudzanja lamanja, 10 wasiliva kumanzere, makoko ake ali ndi timizere tonse tija. Musaseke kwambiri, mtedza womwe timalima ku Mchinji ndi ku Kasungu kwawo kwenikweni ndi ku South America, unafika kuno Azungu atayamba kuwoloka nyanja. Chinangwa chimodzimodzi.

Mandawa anapezeka m'chaka cha 1987 pa Huaca Rajada pafupi ndi Chiclayo. Anayamba ndi akuba a m'manda, omwe kumeneko amawatcha huaqueros. Atakangana pogawana katundu nkhani inafika kupolisi, apolisi n'kuitana Walter Alva wa ku myuziyamu ya Brüning ku Lambayeque. Alva ndi anzake atayamba kukumba mwadongosolo pamalopo anapeza manda ena osakhudzidwa: mwamuna wa zaka za pakati pa 35 ndi 45 m'bokosi lamatabwa lomangidwa ndi mkuwa, pamodzi ndi anthu ena oikidwa naye, galu, ndi nyama zotchedwa llama. Mlonda wake anali wodulidwa mapazi.

Chofunika pa mkangano wathu ndi ichi. Pa mitsuko ya timizere ija a Tadala anena, pali chithunzi chimodzi chobwerezabwereza: akaidi akudulidwa pakhosi, magazi akuikidwa m'chikho, chikhocho chikuperekedwa kwa munthu wa chisoti chokhala ndi chinthu chonga mwezi watsopano pamwamba, chitsulo chachikulu chikulendewera kumbuyo kwa chiuno. Anthu ankati mwina ndi nthano za milungu. Kutsutsa galu n'kukumba. M'manda a ku Sipán munapezeka zovala zomwezo. Mu 1991 ku San José de Moro, Donnan ndi Luis Jaime Castillo anapeza mayi woikidwa ndi chisoti ndi chikho zofanana ndi za mkazi wina amene alinso pachithunzicho. Kenako Steve Bourget anafukula mafupa a amuna pafupifupi 70 ophedwa pa bwalo lina la Huaca de la Luna. Ojambulawo ankajambula zomwe ankaona, molondola moti lero tikutha kuzindikira munthu m'manda poyerekeza ndi mtsuko.

Mayi_wa_Atatu
Ndiye luso lokongola chonchi n'kumatumikira kupha anthu? Ine zandichotsa chilakolako.

Tadala_Leeds
Zoona achemwali, sizinali zofewa. Koma musaiwale mayi wa ku Cao, amene anapezeka ku El Brujo ndi gulu la Régulo Franco, nkhani yake n'kulengezedwa mu 2006. Anamwalira ali ndi zaka za m'ma 20, khungu lake linasungika moti mphini za njoka ndi akangaude pamikono zikuonekabe. Anaikidwa ndi zipini zapamphuno zoposa 40 za golide ndi siliva, zisoti zaufumu ndi zibonga zankhondo. Asanapezeke ambiri ankaganiza kuti ulamuliro kumeneko unali wa amuna okha.

Fisi_Wamasana
Mwati tibwerera ku funso langa. Akuba a ku Sipán aja tikuwatcha akuba chifukwa anali amphawi a m'mudzi. Nanga amene ankagula? Chitsulo chimodzi chagolide cha kumbuyo kwa chiuno chochokera kumeneko chinakagwidwa ndi apolisi a ku America a FBI ku Philadelphia mu 1997, anthu akufuna kuchigulitsa pa madola oposa 1 miliyoni. Ndipo akuba oyamba ndi Asipanya. Mu 1602 anapatutsa mtsinje wa Moche kuti ukokolole Huaca del Sol pofuna golide. Chinyumba cha zidina zoposa 100 miliyoni, mbali yaikulu inapita ndi madzi. Golide amene anamupeza anamusungunula, monganso anachitira ndi wa Atahualpa, mfumu ya a Inca, ku Cajamarca mu 1533.

Mphunzitsi_Wopuma
Chitsulo cha ku Philadelphia chinabwezedwa ku Peru, ndipo chuma cha ku Sipán chili ku Lambayeque m'myuziyamu ya Tumbas Reales yomwe inatsegulidwa mu 2002. Koma wakuba wa m'mudzi uja sindimukhululukira kwathunthu a Fisi. Akatulutsa mtsuko m'manda n'kutaya mafupa, mtsukowo umakhala wokongola koma wosalankhula. Sitidziwanso anali nawo ndani, unali pambali pa chiyani. Mitsuko yambiri ya nkhope ija inatuluka choncho.

Poti mwatchula zidina: zambiri za pa Huaca del Sol zili ndi zizindikiro zodindidwa zisanaume, madontho, mizere, zala, mapazi, mitundu yoposa 100. Michael Moseley ndi anzake anati mwina gulu lililonse la anthu linkaika chizindikiro chake kuti zidziwike kuti lapereka gawo lake la ntchito. Ndiye a Wakumudzi, oumba zidina ankaika chizindikiro, koma oumba nkhope aja sanasiye dzina ngakhale limodzi.

Kabaza_Boss
Aphunzitsi mukuzemba dala. Tauzani gulu za mitsuko ina ija. Ija ya m'chipinda chapadera ku Lima.

Adimini
A Kabaza, pagulu pano pali ana asukulu. Aphunzitsi ayankhe mwaulemu, zithunzi ayi.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiyankha mwachidule. Myuziyamu ya Larco, yomwe Rafael Larco Hoyle anaiyambitsa mu 1926 ndipo pano ili ku Lima, ili ndi chipinda cha mitsuko yosonyeza za m'banja mosabisa. Ndi yochepa poyerekeza ndi zinthu zoposa 40,000 zomwe zili kumeneko, ndipo ina ikusonyeza mafupa a akufa akuchita nawo, zomwe zikutanthauza kuti nkhani yake inali yokhudza imfa ndi kubereka, osati zoseketsa za kumowa. Larco yemweyo ndi amene anagawa mitsuko ya a Moche m'magawo 5 a nthawi poyang'ana kasinthidwe ka chogwirira chake.

Wakumudzi_265
Chabwino, za golide ndagonja, a Nyundo andiphwanya. Koma pa chikombole ndikadali pomwepo. Taonani a Chimú omwe anabwera pambuyo pa a Moche m'dera lomwelo, aja anamanga mzinda wa Chan Chan. Mitsuko yawo yambiri ndi yakuda, yodindidwa yambirimbiri, nkhope zake zosaoneka bwino, msoko uli poyera. Chikombole chomwecho chinapha luso. Ndiye ndikanena kuti chikombole ndi njira yaulesi ndikulakwa pati?

Tadala_Leeds
Mukulakwa poti chipangizo ndi chimodzi koma zotsatira ndi ziwiri. Ngati a Moche ndi a Chimú onse anali ndi chikombole, koma mitsuko yawo n'kusiyana chonchi, ndiye kusiyanako sikunachokere m'chikombole. A Chimú mphamvu zawo anaika kwina, pa nsalu, nthenga ndi zitsulo. A Inca atawagonjetsa cha m'ma 1470 anatenga osula awo kupita nawo ku likulu lawo ku Cusco.

Wakumudzi_265
Mwandizungulira bwino, koma mwavomereza kuti pali mitsuko ya m'chikombole yopanda luso. Ngakhale ya a Moche omwewo, sindikhulupirira kuti yonse 40,000 ija ndi yapamwamba.

Mphunzitsi_Wopuma
Si yonse ya a Moche, ndipo si yonse yapamwamba. Ku Larco amalola alendo kulowa m'nkhokwe zawo, mashelefu kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo pa zithunzi za mmenemo mumaona yokongola ndi yongoyerekeza zili pamzere umodzi. Apo tagwirizana.

NaBanda_Woumba
Ine chikundivutabe ndi chogwirira chija. Mipope iwiri yopindika yokumana pamwamba n'kukhala khosi limodzi, yonse yobowoka mkati kuti madzi azidutsa. Dongo lonyowa ukalipinda lili lobowoka limafwafwanyika. Ankatani?

Mphunzitsi_Wopuma
Donnan anayesa kuipanga yekha atayang'ana mapale osweka. Anapeza kuti ankakulunga dongo pa timitengo tosongoka kuti apange mipope, n'kusolola timitengoto, kupinda mipopeyo dongo likadali lofewa, n'kuilumikiza. Kenako ankang'amba pang'ono pamapewa a chogwiriracho kuti alowetse kamtengo kosalazira mkati ndi kutsegula pokumanira, akatha n'kumata pong'ambapo. Pa mitsuko ina zigamba zimenezo zimaoneka ukayang'ana mkati mwa chosweka. Ubwino wake ena amati madzi sauma msanga m'chipululu, ndipo pothira mpweya umalowera mpope umodzi madzi akutulukira winawo.

NaBanda_Woumba
Kung'amba pamapewa n'kumatanso, zimenezo ndiye sindikanaziganiza. Koma kamtengoko ayenera ankakapaka phulusa kapena mafuta, apo ayi dongo limakakamira posolola. Ndili ndi dongo lotsala la mbiya za oda, ndiyesa chogwirira chokhacho. Chikapulumuka pamoto ndiika chithunzi pano, a Wakumudzi adzatiuze ngati ndi ganyu.

Wakumudzi_265
Ikani amayi. Koma mutu wa munthu ukhalepo pansi pake, osati chogwirira chokha.

Kabaza_Boss
Muumbe wa a Wakumudzi omwewo. Chikombole ndilipira ine, tigawe gulu lonse.